Ndinafufuta Malume ndi Maginito

Kwa apongozi anga ku Thambani kuli kaseti imodzi imene ikangotulutsidwa m'sutikesi, ine ndimakumbukira kuti ndili ndi ntchito kudimba. Ana anga amaidziwa, adzukulu ayamba kuidziwa, ndipo mlendo aliyense wofika pamudzipo sachoka asanaimve. Ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze ndekha mmene zinayendera, chifukwa alamu anga akamafotokoza amakokomeza, ngakhale kuti kunena zoona nkhaniyi siisowa kukokomeza.

Zinachitika m'zaka zomalizira za chipani chimodzi. Ndinali mphunzitsi wa sitandade 8 pasukulu ina pafupi ndi Thambani, wosakwatira, mwini njinga komanso mwini wailesi ya kaseti yodya mabatire asanu ndi limodzi. Wailesi yotero m'dera lonselo inali yanga yokha, ndipo ndinkaiphimba ndi kansalu koluka ngati mwana wakhanda. Achinyamata a lero sangamvetse mmene tinkakhalira masiku amenewo. Munthu ukafuna kuyetsemula unkayamba wayang'ana kumbuyo. Mnzanga wina wophunzitsa cha kwa Kanduku anatengedwa ndi galimoto chifukwa cha pepala limene linapezeka m'kabati ya m'kalasi mwake, ndipo anabwerako patatha chaka, mano awiri palibe, nthabwala zake zonse palibenso. Kuyambira pamenepo ine ndinkakayikira aliyense, kuyambira ahedi mpaka mayi wogulitsa zitumbuwa pageti.

Chaka chimenecho kunabwera a Dokotala ena ochokera kukoleji ku Zomba (osati dokotala wa jakisoni, koma wa mabuku). Bambo wamkulu ndithu, wa magalasi, ankapinda thalauza n'kulowa m'mitsinje yathu atanyamula maginito aakulu ngati njerwa, okutidwa m'jumbo. Akawakoka pansi pa madzi, ankatuluka ataundana mchenga wakuda uja umanyezimira m'mphepete mwa mtsinje. Anthu ena ankati akufuna golide, ena ankati ndi kazitape. Ine ndinali mbali ya achiwiriwa, chifukwa sindinkaona chimene chingachititse munthu wa madigiri atatu kusewera ndi mchenga. Koma anali ndi kalata ya chidindo yochokera kuboma, ndipo ahedi anandisankha ine kuti ndiziwaperekeza poti ndimaphunzitsa sayansi.

Tsiku lina tikuchokera kumtsinje, a Dokotala anatola lamba wa kaseti amene anakodwa pachitsamba m'mbali mwa msewu.

"Aphunzitsi, mawu amakhala pati apa?" anandifunsa.

Ndinayankha kuti m'kati. Ndilo yankho limene ndinkalandira kwa ana ndikafunsa zimene sakudziwa.

"Pulasitikiyu ndi ngolo chabe," iwo anatero. "Mtundu wa khofi mukuuonawu ndi dzimbiri la chitsulo, loperedwa kuposa ufa woyera, lopakidwa mopyapyala moti tsitsi lanu ndi lonenepa. Kambewu kalikonse m'menemu ndi kamaginito pakokha. Munthu akamalankhula, makina amatembenuza timbewuti, tina kuloza uku, tina kuloza uko, ndipo mawu amasungika m'kalozedwe kameneko. Ine ndikufufuza ngati mchenga wakuda wa m'mitsinje yanu ino, titaupera bwinobwino, ungagwire mawu chimodzimodzi."

"Nanga mawuwo angachoke bwanji?"

"Very simple. Yandikitsani maginito amphamvu, timbewu tonse tiloza kumodzi, mawu athera pomwepo."

Pochoka anandisiyira maginito aja kuti mwezi uliwonse ndiziwatumizira mchenga papositi. Mawu awo omaliza akukwera galimoto anali oti ndisawaike pafupi ndi makaseti anga. Ndinawamva bwino lomwe. Vuto langa silinali kusamva ayi, ndinamvetsa kwambiri, mpaka ndinayamba kufotokozera aliyense za timbewu ta chitsulo, ngakhale anthu amene angondipatsa moni.

Tsopano ndikuuzeni za Felesiya. Tinali titagwirizana kale kuti tikwatirane, koma nkhani inaima pa chinthu chimodzi. Kwawoko mwana wamkazi sakwatiwa mwini mbumba asanalankhule, ndipo mwini mbumba anali malume ake, a Zuze, mlongo wawo wa amayi ake. A Zuze anapita ku Harare kukagwira ntchito ya ukhukhi zaka khumi ndi zinayi m'mbuyomo ndipo sanabwerekonso. Ine ndinali ndisanawaonepo, ngakhale pachithunzi. Felesiya anawalembera kalata, miyezi isanu inadutsa kuli zii. Amayi ake, a Nangozo, sankasuntha pa mfundo yawo: achimwene akapanda kunena, chinkhoswe palibe.

Panalinso Lingisoni. Ameneyu anali wapampando wa achinyamata a chipani m'dera lathu, wa malaya ofiira, uja ankaima pachipata cha msika kufunsa makhadi a chipani. Anafunsirapo Felesiya ine ndisanabwere, n'kukanidwa. Tikakumana ankandipatsa moni waulemu kwambiri, ndipo ulemu umenewo ndi umene unkandiopsa.

Loweruka lina ndinapita kuboma kukatumiza mchenga wa a Dokotala. Nditamaliza ndinakwera chakumalire kukamwa tiyi, poti tsiku limenelo malole anali atangofika kuchokera ku Tete moperekezedwa ndi asilikali chifukwa cha nkhondo ya kutsidyako, ndipo kunali piringupiringu wosangalatsa kuonera. Ndili m'kati mwa tiyirumu, ndasi lili m'kamwa, ndinaona panja Lingisoni akulankhula ndi munthu wina wamtali wovala kofia. Kenaka Lingisoni anatembenuka n'kundiloza ndi milomo.

Munthu uja analowa, n'kukhala pabenchi yanga. Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, anawerama ngati akumanga nsapato, n'kusolola m'sokosi kanthu kokulunga m'nyuzipepala.

"Ndinu mphunzitsi wa ku Thambani?" ananong'ona. "Katundu wanu uyu, wachokera kutsidya. Bisani msanga, amigo. Apamalire awa akaona atenga, ati akamvere kaye kuofesi, ndipo sichibwerera."

Panja lole inalira hutala, munthu uja anadzambatuka n'kuthamanga. Inde, ndikanatha kumufunsa kuti wachokera kwa yani. Funso lake ndi lalifupi, mwana wa sitandade 1 akanafunsa. Koma ndasi linali likadali m'kamwa, ndipo nditayang'ananso panja, Lingisoni anandikwezera dzanja akumwetulira.

Ulendo wonse wobwerera ku Thambani kaphukusiko kankanditentha m'thumba. Nditafika ndinatseka chitseko n'kumasula. Inali kaseti, yopanda dzina, yopanda chilembo ngakhale chimodzi. Masiku amenewo tinkamva manong'onong'o a makaseti olowa mobisa, ojambulidwa ku mawailesi akunja, onena zinthu zimene munthu sunkayenera ngakhale kuzilota. Mutu wanga wa sayansi unayamba kugwira ntchito. Wandiloza ndani? Lingisoni. Akufuna chiyani? Felesiya. Ndikachoka ine apindula ndani? Ndinaona msampha wonse poyera, ndipo ndinadziyamikira kuti ndine wochenjera.

Mwina mukuti bwanji osangoimvera. Nyumba yanga inali yogundizana khoma ndi ya ahedi, ndipo khomalo silinkafika kudenga, moti iwo akatsokomola ine ndinkati pepani. Komanso ndinaganiza kuti munthu amene sanamve sangaulule kanthu, ngakhale atamupanikiza chotani. Kuitaya m'chimbudzi ndinakuganiziranso, koma ndinaona kuti akabwera adzati, kaseti tinakuona ukulandira ija ili kuti? Kaseti yosowa ndi umboni. Koma kaseti yopanda mawu ndi kaseti chabe, ndikanati ndinaitanitsa yojambulira nyimbo za kwaya. (Ndivomerenso kuti inali kaseti yatsopano, yooneka yodula, ndipo mtima sunandilole kuitaya.)

Lamlungu masana, titaweruka kutchalitchi, ndinatseka mawindo n'kutulutsa maginito a a Dokotala. Sindinachite mwachisawawa ayi. Ndinasolola lamba pang'ono, n'kumugoneka pamaginito, n'kulowetsa bolopeni m'kabowo ka kaseti, n'kuyamba kupukusa. Pang'onopang'ono, kuchokera koyambira mpaka kothera, lamba yense anadutsa pamaginitopo, ine thukuta lili kamukamu. Kuti ndisasiye mpata ndinabwerezanso. Kenaka ndinaika kaseti m'wailesi n'kutsitsa mawu. Kunamveka fuuuu, ngati mphepo ya mu Julaye. Ndinatembenuza mbali inayo, fuuuu yemweyo. Ndinakhala pampando n'kupumira m'mwamba, ndikudziuza kuti sukulu yandipulumutsa.

Lolemba ndinadikira apolisi. Lachiwiri ndinadikiranso, nkhope ya munthu wosalakwa nditaiyeserera kale pagalasi. Lachitatu masana kunabwera Felesiya, akuthamanga, duku lili m'manja.

"Inu, bwanji osanena? Amayi kuyambira dzulo akungoimba!"

"Kunena chiyani?"

"Za kaseti ya malume! Lingisoni wauza amayi kumsika kuti kumalire kunali dalaivala wochokera ku Harare, amafunsa mphunzitsi wa ku Thambani, ndiye iye anamulozera inu."

Ndinagwira chitseko.

"Malume... kaseti? Bwanji osalemba kalata?"

"Malume sanapite kusukulu. Makalata amachita kuwawerengera, ndiye nkhani ya mbumba sangakalembetse kwa munthu wapadera. Ine m'kalata muja ndinawauza kuti muli ndi wailesi ya kaseti." Anandiyang'anitsitsa. "Mwamvera kale? Avomera?"

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanagwada n'kuulula. Ndakhala ndikubwerera pakhomo limene lija m'maganizo kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo nthawi zonse ndimaulula bwinobwino. Koma tsiku lenilenilo ndinati, "Sindinamvere. Ndimati tidzamvere limodzi tonse." Theka loyambalo linali loona.

Felesiya anati ndine munthu waulemu kwambiri. Anati amayi aitana abale onse Lamlungu likubwerali, ndipo nane nditumize uthenga kwa ankhoswe anga.

Zimene ndinachita masiku otsatirawo sindizinyadira. Lachinayi ndinatembenuza maginito aja chadodolido n'kupukusa lamba chobwerera m'mbuyo, kuti mwina timbewu tija tingakumbukire kumene tinkaloza. Ndinkadziwa kuti n'zopanda pake, ndikanamukwapula mwana wolemba zimenezo pamayeso, koma ndinayesabe. Fuuuu.

Ndiye panabwera ganizo lachiwiri, ndipo linabwera litavala suti. Malume aja, ndinadziuza, mwina avomera, mwina akana. Ngati avomera, ndiye kuti ndikangobwezeretsa mawu awo sindinaname. Ngati akana, akana munthu amene sakumudziwa, ndiye ndi bwino kuwathandiza. Komanso zaka khumi ndi zinayi ndi zambiri, mawu a munthu amasintha.

Lachisanu pa nthawi ya buleki, ahedi ali kuofesi, ndinathamangira kunyumba. Ndinakulunga thaulo kukamwa, n'kutsina mphuno pang'ono, n'kudina batani lojambulira. Ndinalankhula ngati nkhalamba yotopa ndi dziko lachilendo, ndikuthiramo timawu tiwiri titatu ta Chishona timene ndinatola kwa madalaivala. Zinkayenda bwino kwambiri moti ndinaiwala nthawi. Belu litalira ndinadina batani loimitsa (ndinkaganiza kuti ndadina) n'kuthamangira m'kalasi. Madzulo ndinamvera koyambirira kokha, ndinakhutira, n'kuzimitsa kuti mabatire adikire Lamlungu.

Lamlungu anthu anadzaza pansi pa mitengo ya manachesi kuseri kwa nyumba ya a Nangozo. Mphasa zinayalidwa, akuluakulu pamipando, ankhoswe anga (achimwene anga aakulu) atavala jekete la ukwati wawo. A Nangozo anavala chitenje chatsopano n'kukhala chammbali, nkhope atalozetsa kwina monga mwa mwambo, poti ine ndinali mkamwini woyembekezera. Lingisoni nayenso analipo, atatsamira mtengo chakumapeto, akuti anangodutsa. Ndinaika wailesi pampando, ndinachotsa kansalu koluka kaja, n'kudina.

"Mangwanani, mangwanani, abale anga nonse ku Thambani," anatero malume a m'thaulo. "Ndine Zuze, ndikulankhula kuchokera kuno ku Harare. Kalata ndinalandira. Mphunzitsi ameneyu mbiri yake yafika mpaka kuno. Akuti ndi mnyamata wofatsa, wanzeru, wosamwa, wodziwa sayansi yozama, ndiponso wooneka bwino..."

Ndinkayembekezera nthungululu. Kunali chete. Anthu anayamba kuyang'anana. Agogo ena anachotsa fodya kukamwa. Malume anapitirira kutamanda mphunzitsi, mawu akutsetsereka ngati wowerenga nkhani pawailesi, ndipo chete uja ankangokulirakulira.

A Nangozo, osatembenuka, anati, "Felesiya, tawafunsa aphunzitsiwo. Kodi ku Harare kuli chipatala cha chibwibwi?"

Abale anga, palibe amene anandiuzapo. Panalibe chifukwa chondiuzira, poti pamudzipo aliyense ankadziwa monga mmene ankadziwira kumene dzuwa limatulukira. A Zuze anali achibwibwi chibadwire. Kuti atchule dzina lawo lomwe ankachita kudzimenya pantchafu kuti mawu atuluke, ndipo pamilandu anthu ankawadikira moleza mtima chifukwa akamaliza ankanena zanzeru.

Msuweni wina wamtima wabwino anayesa kupulumutsa zinthu. "Mwina azungu awo anawapatsa mankhwala."

"Eya, zimatheka," ndinalumphira. "Sayansi yapita patsogolo kwambiri kunjaku."

Ndisanatseke pakamwa, m'wailesi munalira belu. Belu la pasukulu pathu linali limu ya galimoto yopachika pamtengo wa mango, yong'aluka mbali imodzi, moti inkalira mwa mtundu wakewake, ngweee, ngati mbuzi yodwala chimfine. Aliyense wokhala pamphasa paja anakula akuimva limu imeneyo. Kenaka kunamveka phokoso la mpando, n'kubwera mawu a ahedi chapatali koma omveka bwino: "A sitandade 8! Ana akukudikirani!"

Ndipo malume a ku Harare anayankha ndi mawu anga enieni, opanda thaulo: "Ndikubwera, bwana!"

Sindinamvepo anthu akuseka chonchija. Ena anagona pamphasa. Lingisoni anakumbatira mtengo wa manachesi, misozi ili chuchuchu. Achimwene anga anavula chipewa n'kuyang'ana m'kati mwake kwa nthawi yaitali. Ine ndinadina batani loimitsa, ndikupempha nthaka kuti ing'ambike.

A Nangozo okha sanaseke. Anatembenuka, mwambo n'kuuika pambali, n'kundiyang'ana m'maso koyamba chidziwireni.

"Aphunzitsi, achimwene anga ali kuti?"

Ndinafotokoza zonse. Za Lingisoni kundiloza, za sokosi, za khoma losafika kudenga. Mwatsoka ndinafotokozanso za timbewu ta chitsulo, ndi manja omwe, kusonyeza mmene timalozera uku ndi uko.

"Ndiye mukuti munawapukuta musanawamve n'komwe?"

"Inde, mayi."

"Bodza!" anatero mchimwene wake wa Felesiya, amene lero ndi mlamu wanga wokokomeza uja. "Anamvera ameneyu. Anamva kuti malume amukana, ndiye anafufuta. Munthu angafufute bwanji chinthu chomukomera?"

Anthu anang'ung'udza movomereza, ndipo sindikanawatsutsa. Maganizo ake anali olongosoka kuposa anga, analinso ofanana ndi anga: apindula ndani? Ine amene ndinakhala zaka ndikukayikira anthu ndinaona mmene zimamvekera maso onse akamakuwerenga. Umboni wokhawo woti a Zuze anavomera kapena kukana ndinali nditaupukusa ndekha ndi bolopeni, kawiri. Akuluakulu anagamula kuti nkhani ya chinkhoswe yaima, ndipo achimwene anga anakwera njinga osanditsanzika.

Felesiya anandiperekeza mpaka pamphambano, osati mwachikondi.

"Munakayikira Lingisoni, chabwino. Munakayikira dalaivala, chabwino. Koma Lachitatu lija ndinaima pakhomo panu ine. Nanenso munandikayikira?"

Kuseka kwa anthu kuja kunandipweteka, koma funso limeneli linandipweteka kuposa.

Munthu mmodzi yekha akanandithandiza, dalaivala wa kofia uja, koma dzina lake sindinkalidziwa. Loweruka lililonse ndinkapalasa njinga mpaka kumalire, n'kumazungulira pakati pa malole ndikufunsa za dalaivala wamtali amene amanyamula zinthu m'sokosi. Tangoganizani mmene funso limenelo linkamvekera masiku amenewo. Pofika Loweruka lachitatu, ndikalowa m'tiyirumu anthu ankasiya kulankhula, osintha ndalama ankasowa ngati utsi, ndipo ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti, "Ndi uja wa boma, amanamizira uphunzitsi."

Mapeto ake ndinameza manyazi n'kupita kwa Lingisoni pachipata cha msika. Anandimvetsera mpaka kumaliza, akuluma mlomo kuti asaseke.

"Khadi muli nayo, aphunzitsi?"

Ndinaionetsa. Anaitembenuza uku ndi uku, n'kundibwezera.

"Ndi a Yusufu amenewo, kwawo ndi kuboma konkuja, kuseri kwa mzikiti, akuluakulu awo ali ndi sitolo ya nsalu. Mukanandifunsa tsiku lomwe lija ndikanakuuzani. Ine Felesiya ndinamuiwala kalekale, ndikukwatira kwa Kanduku mwezi wa mawa."

A Yusufu ndinawapeza ali patchuthi. Nditawafotokozera anaseka mpaka kutsokomola, komabe anavomera kukwera pakaliyala ya njinga yanga mpaka ku Thambani. Anthu anasonkhananso pansi pa manachesi paja, ochuluka kuposa poyamba, poti mbiri inali itawanda kuti mphunzitsi wabweretsa malume ena.

"Kasetiyo ndinaimvera, pepani," anatero a Yusufu. "Makaseti anga a nyimbo wailesi ya m'lole inali itatafuna onse, ndiye kuchokera ku Harare mpaka ku Zobue ndinayenda ndi madala aja. Katatu konse. Za ukwati ananena pachiyambi penipeni." Anakonza kukhosi, n'kudzimenya pantchafu. "Anati, 'Mphu-mphu-mphunzitsiyo a-akwatire. Munthu wo-wophunzira sa-sangachite zopusa.'"

Anthu anasekanso, ndipo ulendo uno ndinaseka nawo pang'ono, chifukwa mtolo unali utatsika. Koma a Nangozo anali ataphimba nkhope ndi chitenje.

"Ndi iwowo," anatero. "Kumenya pantchafuko ndi iwowo. Ananenanso chiyani?"

A Yusufu anati za ukwati zinatenga mphindi imodzi yokha. Ola lonse lotsalalo, mbali zonse ziwiri, a Zuze ankalankhula ndi mlongo wawo. Anafunsa ngati manachesi amene bambo awo anabzala akuberekabe. Anatchula mayina a anthu amene anamva kuti anamwalira. Anapepesa kuti sanabwere pamaliro a mayi awo, ndipo pamenepo, a Yusufu anati, madala aja anakhala chete nthawi yaitali kaseti ikungoyenda. Chakumapeto anaimba nyimbo imene mayi awo ankaimba posinja, ndipo poimba chibwibwi chinalibe mphamvu, mawu ankatuluka osakodwa.

"Nyimbo yake iti?" anafunsa a Nangozo. "Amayi ankaimba zambiri."

"Mayi, pepani. Ine maso anali pamsewu, kuopa mabomba okwirira. Ndaiwala."

Chinkhoswe chinachitika, ukwati unachitika, ndipo Felesiya anandikhululukira pang'onopang'ono, mwina anamaliza mwana wathu wachiwiri atabadwa. Ndinagula kaseti yatsopano n'kuwapatsira a Yusufu kuti a Zuze akalankhulenso zonse zija. Inabwerako mvula itatha, ikadali m'pulasitiki yake yosatsegula, pamodzi ndi jekete ndi chipewa. A Zuze anali atamwalira kumayambiriro kwa dzinja, ndipo anaikidwa komweko.

Ndinalembera a Dokotala ku Zomba kalata ya masamba anayi, kuwapempha kuti ngati kukoleji kuli makina obwezeretsa mawu, ndibwera ngakhale wapansi. Yankho lawo linali lalifupi. Anati timbewu tonse tikadali pa lambayo, palibe kamene kanachokapo, kungoti tonse tinaloza kumodzi, ndipo tikatero sitinenanso kanthu. Pansi pake anawonjeza kuti mchenga wa mwezi watha sunafike.

Ndinapita kukawawerengera apongozi kalatayo, nditakhala patali monga mkamwini.

"Ndiye kuti alimo?" anafunsa.

"Fumbi limene anaikapo mawu lilimo, mayi. Mawuwo ndi amene mulibe."

"Basi, ndipatseni."

Ndi kaseti imene ili m'sutikesi ija. Mbali yoyamba, ya malume a m'thaulo, ndi ya alendo, ndipo a Nangozo amaiika okha, n'kumaseka mpaka kugwira nthiti pofika pa "Ndikubwera, bwana!" Ndinazolowera, ndi chilango chondiyenera. Ngati ndinaphunzirapo kanthu sindikudziwa, chifukwa mpaka lero munthu akandipatsa kaphukusi ndimayamba ndayang'ana amene wandiloza. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndimatsegula kaye.

Mbali yachiwiri sindinajambulepo kanthu, ndipo siikidwa pagulu. Chaka chilichonse manachesi akapsa, apongozi amatuma uthenga kuti ndibwere ndi mabatire. Akalamba tsopano, maso sakuona bwino, mwambo wothawana tinausiya kalekale. Timakhala awiriwiri pansi pa mitengo ija, wailesi yakale ija pakati pathu, n'kumamvera fuuuu kwa theka la ola. Chaka chatha, titamvera mphindi khumi, ndinaona ngati awodzera, ndiye ndinatambasula dzanja mwakachetechete kuti ndizimitse. Anandigwira pamkono osatsegula maso.

"Asiyeni amalize, aphunzitsi. Achimwene amachedwa kutulutsa mawu."